Kuchoka pa chitupa kufika pa chip: mbiri ya Imigireshoni

Mwa maofesi onse a boma amene ali mumzinda wa Mzuzu, ndi chipatala chokha chimene chimatchulidwa kawirikawiri m'nyumba za ku Chiputula kuposa Imigireshoni. Dzina lake la m'mabuku ndi lalitali, nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko komanso za unzika, koma palibe amataya malovu kutchula zonsezo. Mnyamata akalemba mayeso a Fomu 4 n'kukhala chaka chimodzi kapena ziwiri akupalasa sakaramento, kapena mtsikana akatopa ndi kugulitsa kaunjika pamsika, nkhani imene imayamba kumveka pakhomo ndi ya pasipoti. Amalume ali ku Joni alonjeza kutumiza ya basi, pogona palipo, maganyu apezeka. Chatsala ndi kabuku.

Kuyambira kumayambiriro kwa 2020 kabuku kameneka kanasintha. Pachikuto pake, cha m'munsi, pali kachizindikiro ka makona anayi kokhala ndi kabwalo pakati. Ambiri amakayesa kokongoletsa, koma kakunena kuti m'kati mwa pasipotiyo muli kawailesi: chip yaing'ono zedi yolumikizidwa ku kawaya kozungulizidwa, yopanda batire, imene imayankhula ndi makina a pa boda popanda kuwakhudza. Luso limeneli limatchedwa RFID, kuzindikira chinthu kudzera m'mafunde a wailesi. Kuti timvetse chifukwa chake nthambi ya boma ya dziko losauka inafika pogula luso lotere, ndi chifukwa chake linadzaikola m'khosi mu 2024, tiyenera kubwerera kutali.

Anthu a kumpoto anayamba ulendo wa kummwera kulibe Imigireshoni, kulibenso Mzuzu. Mzindawu unaphuka cha m'ma 1947 pa esiteti ya mitengo ya tung, pomwe Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Mzimba anali atayenda kale zaka makumi asanu wapansi kupita ku migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia ndi South Africa. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Clements Kadalie wa ku Chifira anadutsa njira yomweyo, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town. Kamuzu Banda naye anayenda wapansi ali mnyamata. Pofika mu 1935, komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa kuti ifufuze za anthu otuluka inapeza kuti pafupifupi anthu 120,000 a ku Nyasaland anali kunja, ndipo ambiri mwa iwo anali atasanduka matchona.

Pepala limene anthuwa ankayenda nalo silinali pasipoti. Chinali chitupa, chotengedwa kwa bwanamkubwa wa boma, cholembedwa dzina, mudzi ndi mfumu. Chitupa sichinapangidwe kuti chiteteze mwini wake. Chinkathandiza wokhometsa msonkho kudziwa kumene munthu wathawira, ndi wolemba ntchito kudziwa amene wamuthawa. Amene ankapita kudzera ku Wenela kapena ku Mthandizi sankavutika n'kufunafuna mapepala, mabungwewo ndiwo ankakonza zonse, kuyambira kupima m'thupi mpaka ulendo. Amene ankapita pa selefu ankadziwa okha njira za m'tchire. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa mbiri yathuyi, chifukwa ikusonyeza kuti kwa zaka zambiri ulendo waukulu kwambiri wa Amalawi unkayenda osadutsa pawindo la ofesi ya mapasipoti.

Nthambi ya Imigireshoni monga tikuidziwa lero ndi mwana wa ufulu. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha kumapeto kwa 1963, dziko latsopano linafunika kusunga lokha zipata zake. Panabwera lamulo la anthu olowa ndi otuluka la 1964, kenako lamulo la unzika la 1966, chaka chimene Malawi inakhala lipabuliki. Likulu linakhazikika ku Blantyre, ndipo maofesala anatumizidwa ku Chileka, Mwanza, Mchinji, Dedza, Muloza ndi kumalire a kumpoto.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi nthambiyi inali mlonda wa pakhomo kuposa kalaliki wopereka mabuku. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi buluku ndi siketi yaifupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankaona zakuda akafika pachipata. Alendo ena ankametedwa kaye asanaloledwe kulowa. Mlendo amene wayankhula zosakomera boma ankangolengezedwa kuti ndi wosafunika m'dziko. Anthu a mu Mzuzu akukumbukira bwino zimene zinachitika mu Epulo 1992, patangopita milungu yochepa mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Marichi: Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anauzidwa kuti atuluke m'dziko pasanathe maola 24. Kwa Mmalawi, pasipoti inali mwayi, osati ufulu. Ankaipeza ndi wogwira ntchito m'boma, wophunzira wopita kunja, m'busa, wamalonda wodziwika. Boma likakukayikira, linkatha kukumana pasipotiyo kapena kukulanda.

Kenako zinthu zitatu zinagwa motsatana n'kusintha ntchito ya ofesiyi kotheratu. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 anali kumeneko. Ulendo unayambiranso mu 1977 kudzera ku Theba, koma wochepa, ndipo unatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza anthu kachilombo ka HIV. Mu 1994 tsankho linatha ku South Africa, chipani chimodzi chinatha kuno, ndipo gawo 39 la malamulo aakulu a dziko linanena poyera kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wotuluka m'dziko ndi kubwereranso.

Apa ndiye panagona vuto. Njala ya ku Joni sinathe pamene Theba inatseka. Chimene chinatha ndi bungwe lokonzera anthu mapepala. Aliyense anasanduka wa selefu, ndipo wa selefu wa masiku ano amayenda pa basi, kudutsa Dedza kapena Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, ndipo pachipata chilichonse amafunsidwa kabuku. Ofesi imene inamangidwa kuti itumikire anthu ochepa osankhika inadzuka m'mawa n'kupeza mtundu wonse uli pamzere. Pamene pali mzere wautali pamamera madobadoba, ndipo nkhani za ziphuphu za mapasipoti, kuphatikizapo zoti alendo ena ankapeza mabuku a Malawi, zakhala zikutuluka m'nyuzi pansi pa boma lililonse. Kutsegula maofesi a m'zigawo, Lilongwe, Mzuzu ndi Mangochi, kunachepetsa ulendo koma osati mzere.

Pamene zonsezi zinkachitika, maonekedwe a kabukuko ankagamulidwa kutali ndi Blantyre. Pasipoti ndi chikalata chachilendo: amakupatsa ndi boma lako, koma woikhulupirira ndi boma la eni. Choncho mayiko amayenera kugwirizana za kapangidwe kake. Msonkhano woyamba wa nkhaniyi unachitikira ku Paris mu 1920 pansi pa League of Nations. Lero udindowu uli m'manja mwa ICAO, bungwe la United Nations loona za maulendo a pandege, lobadwa m'pangano la ku Chicago la 1944, limene likulu lake lili ku Montreal. Mu 1980 ICAO inatulutsa chikalata chotchedwa Doc 9303, chimene mpaka lero ndicho buku lotsogolera aliyense wosindikiza pasipoti. Pambuyo pake inagamula kuti pofika 1 Epulo 2010 mayiko onse azipereka mapasipoti owerengeka ndi makina, ndipo akale olembedwa pamanja asagwirenso ntchito ikadutsa 24 Novembala 2015.

Tsegulani tsamba lokhala ndi chithunzi chanu, muyang'ane pansi. Pali mizere iwiri ya zilembo zooneka zachilendo, uliwonse wa malo 44, ndipo pamene palibe cholemba amadzazapo timivi toloza kumanzere. Mzere woyamba umayamba ndi P, kenako MWI, kenako dzina la bambo ndi lanu. Wachiwiri uli ndi nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa ndi tsiku lothera ntchito, ndipo pambuyo pa chilichonse mwa izi pali nambala imodzi yowonjezera imene ntchito yake ndi kugwira cholakwika. Kawerengedwe kake mwana wa Sitandade 6 akhoza kukachita. Munthu wobadwa pa 6 Julayi 1964 tsiku lake limalembedwa 640706. Manambalawa amachulukitsidwa ndi 7, 3, 1, 7, 3, 1 motsatana, zimene zikupereka 42, 12, 0, 49, 0 ndi 6. Kuphatikiza zonse ndi 109, ndipo nambala yomaliza, 9, ndiyo imalembedwa pambuyo pa tsikulo. Makina akawerenga molakwa nambala imodzi yokha, masamu sagwirizana ndipo ofesala amadziwa pompo.

Mizere imeneyi inafulumizitsa ntchito, koma sinaletse wachinyengo kumatula chithunzi n'kumata china. Malaysia ndi imene inayamba kuika chip m'pasipoti mu 1998. Zigawenga zitaphulitsa nyumba ku America pa 11 Seputembala 2001, mayiko olemera anakakamira kuti nkhope ya munthu izisungidwa m'njira yosasinthika, ndipo mu 2003 ICAO inasankha chip yosafuna kukhudzana ndi makina. Chifukwa chake n'chomveka: buku limapindika, limanyowa, limadindidwa, ndipo tizitsulo tagolide tonga ta pa khadi ya ku banki kapena pa simu khadi sitingapirire zaka khumi m'thumba la munthu. Chip yobisika m'chikuto kapena m'tsamba lolimba la chithunzi imatetezeka.

Lusolo palokha silinali latsopano. Muzu wake ndi zimene Michael Faraday anapeza mu 1831, zoti mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi ndi waya, mu wayamo mumayenda magetsi. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndege za ku Britain zinkanyamula zida zoyankha mafunde a radar kuti anzawo pansi asaziwombere. Mu 1945 a Soviet Union anapatsa kazembe wa America ku Moscow chosema cha mtengo chimene munali kachida komvetsera kopanda batire, kopangidwa ndi Leon Theremin, kamene kankadzuka pokhapokha wina kunja akakawombera mafunde. Kanakhala pakhoma zaka zisanu ndi ziwiri kasanatulukiridwe. Mu 1948 Harry Stockman analemba za kutumiza uthenga pobweza mphamvu imene walandira, ndipo mu 1973 Mario Cardullo analandira umwini wa chida chotere chokhala ndi posungira zinthu.

Zimene zimachitika pa Mwanza kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu ofesala akagoneka pasipoti pa galasi la makina ake ndi izi. M'makinamo muli waya wozungulizidwa amene amatulutsa mphamvu ya maginito yogwedezeka ka 13.56 miliyoni pa sekondi imodzi, imene akatswiri amalemba 13.56 MHz. Mawailesi a FM amene timamvera ali pamwamba, pakati pa 88 ndi 108 MHz. Kawaya ka m'pasipoti kakalowa m'dera la mphamvuyo kamatola magetsi okwanira kudzutsa chip. Makina amatumiza funso posinthasintha mphamvu yawo. Chip ilibe mphamvu youlutsira yankho, choncho imachita zochenjera: imakoka magetsi ambiri kenako ochepa, ambiri kenako ochepa, mwa dongosolo, ndipo makina amamva kukokako mu waya wawo womwe. Zili ngati msodzi wa ku Nkhata Bay amene saiona nsomba pansi pa nyanja, nsombanso siyankhula, koma chala chake pa chingwe chimamuuza zonse. Kukoka ndi kulekerera kumeneko ndiko kumasanduka manambala, manambala n'kusanduka dzina ndi nkhope pa kompyuta.

Zonsezi zimatheka pa mtunda wosapitirira masentimita 10 kapena kuyandikira apo. Ndiye zimene zimakambidwa m'maminibasi, zoti boma limakuona pa setilaiti kulikonse ukupita ndi pasipoti yatsopano, n'zabodza. Buku likakhala m'chikwama, chip imakhala yakufa. Chimene chimaulula kumene munthu ali ndi foni imene ali nayo m'thumba linalo.

Komabe masentimita 10 ndi okwanira munthu woipa amene wakhala nawe mpando umodzi m'basi ya ku Joni. Pa chifukwa chimenechi chip siyankha aliyense. Makina amayenera kuyamba awerenga ndi diso lawo mzere wachiwiri uja wa pansi pa chithunzi, n'kutengapo nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa ndi tsiku lothera, ndipo kuchokera pa zitatuzi amapanga kiyi wotsegulira chip. Ganizo lake n'lakuti amene watsegula buku lako ndiye kuti wamupatsa wekha. Njira yoyamba yochitira izi, yotchedwa BAC, inapezeka kuti ndi yofooka chifukwa manambalawo munthu akhoza kuwalota, choncho inalowedwa m'malo ndi ina yolimba yotchedwa PACE. M'kati mwa chip zinthu zimaikidwa m'zipinda: choyamba chili ndi zolembedwa za m'mizere iwiri ija, chachiwiri chithunzi cha nkhope, chachitatu zidindo za zala ngati dzikolo lasankha kuziika, ndipo chipinda chimenechi chili ndi loko wakewake.

Chinthu chachikulu kuposa zonse, chimene ndikuona kuti sichinafotokozedwe mokwanira kwa Amalawi, ndi siginecha. Zonse za mu chip zimasainidwa ndi boma lopereka pasipoti, osati ndi cholembera koma ndi masamu. Dziko lililonse lili ndi kiyi wamkulu wachinsinsi amene amasungidwa motetezedwa kwambiri. Kiyi ameneyo amavomereza makiyi ang'onoang'ono amene amasaina pasipoti iliyonse ikamasindikizidwa. Mnzake wa kiyi wamkuluyo, amene si wachinsinsi, amaperekedwa ku mayiko ena, mwina boma ndi boma kapena kudzera m'nkhokwe imene ICAO inatsegula mu 2007 yotchedwa PKD. Ofesala wa ku OR Tambo kapena ku Heathrow sadziwa Chiputula, sadziwa mfumu yanu, ndipo sangaimbe foni ku Blantyre. Makina ake amangoona ngati siginecha ya mu chip ikugwirizana ndi kiyi wa Malawi amene ali nawo. Wina akasintha chilembo chimodzi kapena chithunzi, siginecha imakana. Kiyi wa dziko akakhala kuti sanafike kwa iwo, chip imawerengeka koma palibe chotsimikizira kuti zimene ikunena n'zoona, ndipo mwini buku akhoza kuimitsidwa pambali.

Kuti chip yopangidwa kunja, yoikidwa m'buku ku Malawi, imvane ndi makina a ku Beitbridge, pali miyezo imene mabungwe a ISO ndi IEC a ku Geneva analemba. Woyendetsa kuyankhulana kwa pafupi pa 13.56 MHz ndi ISO/IEC 14443, umene umanena za mphamvu ya mafunde, liwiro loyambira la mabiti 106,000 pa sekondi, ndi chochita ngati makhadi awiri ayankha nthawi imodzi. Muyezowu uli ndi mitundu iwiri, A ndi B, chifukwa makampani analephera kugonjerana, ndipo mapeto ake makina onse a pa boda amakakamizika kudziwa ziyankhulo zonse ziwiri. Khadi ya ku banki yongogunditsa pa makina ndi foni yokhala ndi NFC zili m'banja lomweli, n'chifukwa chake foni ina imatha kuwerenga pasipoti.

Mabanja ena a RFID ali ndi malamulo awo. Ziweto zimaikidwa chip ya mafunde apansi, 134.2 kHz, potsata ISO 11784 ndi 11785, chifukwa mafunde otere amadutsa bwino m'thupi. Botswana inkamezetsa ng'ombe zake zida zotere kuti nyama yake iloledwe pa msika wa ku Ulaya. Katundu wa m'masitolo akuluakulu ndi m'nyumba zosungira katundu amamatidwa timapepala ta mafunde apamwamba, pakati pa 860 ndi 960 MHz, totha kuwerengeka pa mamita angapo, mazanamazana nthawi imodzi. Amene anayendetsapo galimoto ku Gauteng akukumbukira tizida ta e-toll tomata pa galasi, timene tinali ndi batire lake, mpaka dongosololo linathetsedwa mu Epulo 2024. Mafunde apamwamba a timapepala tija sagawidwa mofanana padziko: America imagwiritsa 902 mpaka 928 MHz, pomwe Ulaya amagwiritsa cha pa 865 mpaka 868. Mgwirizano wa ITU unaika Africa m'chigawo chimodzi ndi Ulaya, ndipo kuno kwathu wogawa mafunde ndi kuvomereza zida zoulutsa ndi MACRA, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Mwayi wa pasipoti n'ngwakuti 13.56 MHz ndi yovomerezeka paliponse.

Malawi inafika pa chip mochedwa, ndipo njira inalambulidwa ndi bungwe lina. Mu 2017 NRB, mothandizidwa ndi UNDP, inalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi yochepa n'kuwapatsa ziphaso za unzika. Kwa nthawi yoyamba panali kaundula mmodzi wa zala ndi nkhope amene Imigireshoni ikanatsamira, m'malo modalira makalata ndi zidindo za m'maofesi a maboma. Mu 2019 boma linasainirana ndi kampani ya Techno Brain mgwirizano wa madola 60.8 miliyoni wopanga mapasipoti 800,000, pa dongosolo loti kampani imange, iyendetse kwa zaka zingapo, kenako ipereke zonse m'manja mwa boma. Mtengo wa pasipoti wamba unafika K90,000. Pa kampeni ya 2020 a mgwirizano wa Tonse analonjeza pasipoti ya K14,000, lonjezo limene achinyamata a m'makwalala sanaliiwale ngakhale silinakwaniritsidwe.

Kumapeto kwa 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, Thabo Chakaka Nyirenda, anathetsa mgwirizanowo ponena kuti sunayende bwino. Kuthetsa pepala n'kosavuta. Koma makina, mapulogalamu ndi anthu odziwa kuziyendetsa zinali zidakali za mbali inayo, ndipo mabuku opanda kanthu amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko linalibe. Zaka ziwiri zotsatira zinali za mizere yogonera pomwepo. Kumapeto kwa 2023, pamene achinyamata anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ofuna mabuku anachuluka kwambiri.

Mu Januwale 2024 kusindikiza kunaima m'dziko lonse. Mu Febuluwale pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa kompyuta zalowa m'makina a Imigireshoni ndipo zikufuna dipo, kuti boma silipereka, ndi kuti nthambiyo ipeze njira pasanathe milungu itatu. Mabungwe ena omenyera ufulu anakayikira nkhaniyo, n'kumanena kuti gwero lake ndi kusamvana ndi kampani ya Techno Brain ija. Kaya zoona zinali ziti, odwala ofuna kupita ku India, ophunzira amene sukulu zinali zitatsegula, ndi amayi a geni ya ku Tanzania odutsa pa Songwe anakhala manja ali m'khosi. Kusindikiza kunayambiranso mu Marichi mothandizidwa ndi kampani ya konkuno ya E-Tech Systems, koma kunayambira ku Lilongwe, ndipo munthu wa ku Chiputula anayenera kupeza ya basi ya makilomita oposa 350, ya chakudya ndi ya pogona, asanalipire ya buku. Boma linatsitsa mtengo kufika K50,000, koma kwa wa kumpoto zimene anachotsazo zinathera pa msewu wa M1.

Maganizo anga ndi akuti m'zaka zimenezi chip sinalakwe kanthu. Kawaya kankatola magetsi, ISO/IEC 14443 inali pomwe inali, Doc 9303 aliyense akhoza kuiwerenga ulere. Chimene chinasowa ndi mbali imene miyezo ya ku Geneva ndi Montreal imasiyira dziko lenilenilo: ndani akusunga kaundula, ndani ali ndi makiyi, ndi ana a Malawi angati amene angathe kuyendetsa makinawo kampani itanyamuka mawa. Kale mphamvu ya nthambiyi inali mu chidindo chimene ofesala ankatsekera m'kabati madzulo, ndipo palibe boma likanalola kuti kabatiyo ikhale m'nyumba mwa wamalonda. Kiyi wa masamu ndi chidindo chomwecho, koma popeza saoneka, mgwirizano umatha kusainidwa wopanda wofunsa kuti akhala kuti. Aphungu athu amafunsa za mtengo wa pasipoti, funso labwino ndithu, koma la makiyi silimveka kawirikawiri.

Kwa mwini buku, zochita ndi zochepa. Asamalipinde m'thumba la kumbuyo n'kukhalira, asaliboole ndi sitepula, asalisiye ponyowa, chinthu chosavuta kuchitika ndi mvula ya mu Mzuzu. Kawaya kakaduka chip siidzukanso. Pasipoti yotero imakhalabe yovomerezeka chifukwa tsamba la chithunzi lilipo, koma mwini wake sadutsa pa zipata zodzitsegukira zokha, ndipo mafunso amachuluka. Chip siithandizanso amene wapitirira masiku 30 amene South Africa imalola Mmalawi kukhala wopanda viza. M'malo mwake imachititsa kuti kusintha dzina n'kutenga buku lina, njira imene ena ankadalira kale, kukhale kovuta, poti zala ndi nkhope sizisintha.

Mu 2025 boma linapereka ntchito yosindikiza kwa kampani ya ku India ya Madras Security Printers, yachitatu m'zaka zisanu ndi chimodzi. Pasipoti ya munthu wamkulu imakhala zaka khumi, choncho mabuku oyamba a chip a 2020 adzatha mu 2030, ndipo kufikira nthawiyo mabuku opangidwa pansi pa makampani atatu osiyana akhala akuyenda limodzi m'mabasi a ku Joni, onse ofunika kuti makiyi awo adziwike ku zipata za eni. Chaka chomwecho cha 2030 ndicho ICAO inaika ngati malire oti mayiko onse akhale atasamukira ku kasungidwe katsopano ka chithunzi cha nkhope mu chip, ka muyezo wa ISO/IEC 39794, ndipo Imigireshoni iyenera kusinthanso makina ake osindikizira ndi owerengera nthawiyo isanakwane.